Bulangete la Apongozi Lili Kutsindwi

Lolemba lapitali ndinayenda wapansi kuchoka kwathu kwa Kaphuka mpaka ku Boma, kukagulira apongozi anga aakazi bulangete. Chifuwa chinawagwira titangokolola, ndipo chomwe amafunda ndi chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo ija, chakale moti chaperepeseka ngati tsamba la fodya. Inu mukuchidziwa chisanu cha kuno mu Juni. Madzi a mumtsuko amachita kuluma mano.

Musitolo, Mmwenye ananditambasulira mabulangete atatu. Lofiira la mizere, longa limene amakoleka paphewa anzathu obwera ku Halale, linandikopa, sindinama. Koma zaka zimene ndinasenza katundu wa azungu zinandiphunzitsa kusakhulupirira maso. Ndinalitulutsa panja n'kuliloza kudzuwa. Kuwala kunkadutsa ngati m'lichero lotha.

Ndinatenga lotuwa, losasangalatsa m'maso, lolemera m'manja. Ndinalifinya, linabwerera lokha. Ndinasolola kaulusi m'mphepete n'kukayandikiza ku khala la mayi wina wootcha mbatata pakhomo. Kanafota n'kununkha ngati mbuzi yowaula. Umenewo ndiwo ubweya weniweni. Thonje likanangoti lawi, n'kusanduka phulusa.

Ndinabwerera kumudzi ndikudzitama mumtima.

Kupereka ndekha sindikanatha. Ndine mkamwini. Apongozi ndikawaona m'njira ndimapatukira kuthengo, ndipo chikwatire sitinayankhulanepo maso ndi maso. Choncho analitenga ndi akazi anga, Anaphiri. Anabwerako akuti mayi awomba m'manja, athokoza kwambiri.

Lachinayi m'mawa ndikusema mpini kuseri, ndinamva kutsokomola kuja, kouma, kochokera pansi pa nthiti. Ndinaitana Anaphiri.

“Kodi amayi akulifunda?”

Anayang'ana pansi. “Alipinda, aliika m'dengu, alipachika kutsindwi.”

“Chifukwa?”

“Akuti n'labwino kwambiri. Akuti, ‘Ndikalifunda lero n'kulidetsa, tsiku langa likadzafika mudzandikulunga m'chiyani? Anthu adzandione m'mphasa yokha ngati ndinalibe mkamwini?’”

Mpini unandigwa m'manja. Ndinayenda mtunda wonse uja kukasankha chowatchinjiriza ku manda, iwo n'kuchisandutsa chopita nacho kumanda komweko. Ndipo cholakwa n'changa: ndikanagula lofiira lopepuka lija, mwina bwenzi atalinyoza n'kulifunda.

Tsono ndikufunseni, anzanga. Kuyambira m'midzi ya ku Chongoni mpaka ku Linthipe, ndi nyumba zingati zimene kutsindwi kuli nsalu yatsopano, eni ake akunjenjemera pansi? Mwana akabwera nalo bulangete kuchokera kutali, timaligwiragwira, tonse n'kuliyamikira, kenaka n'kulibisa. Utsi ulidetse, njenjete zilidye, bola munthu wamoyo asaligwire.

Sindikunyoza ulemu wa maliro ayi. Nanenso sindifuna kudzaikidwa ngati mlendo wopanda abale. Koma tinayamba liti kuopa manyazi a tsiku limodzi kuposa chibayo?

Chikundidya n'chakuti pakamwa panga m'pomangidwa. Akanakhala mayi anga ondibala, bwenzi nditakwera pamtondo, kutsitsa dengulo, n'kuwafunditsa akukalipa. Koma khomo la apongozi mkamwini salowa. Ndimangoima kuseri kwa nkhokwe n'kumamvetsera chifuwa chawo, ngati chachepa kapena chakula. Chakula. Ndili ndi mantha, ndipo sindibisa.

Dzulo ndinawanong'oneza Anaphiri nzeru yanga yomaliza. Ndinati amayi akapita kudimba, Anaphiriwo alowe ndi mpeni, alidule bulangetelo ngodya imodzi. Bulangete lopunduka palibe angalisungire maliro, ndiye adzalifunda basi.

Anaulandira mpeniwo, koma sanadzuke. Anauika pamiyendo.

“Ndikalidula,” anatero, “adzati mwana wawo yemwe wawalanda ulemu wa kumanda, ndipo sadzandikhululukira. Ndikalisiya, adzalifunda mwezi uno usanathe, koma kutentha kwake sadzakumva.”

Lero kwacha ndi nkhungu, mwera ukuwomba kuchokera kuphiri, ndipo Anaphiri sanalowebe m'nyumba muja. Inu amene mwapachika dengu lotere kwanu, mukudikira kuti adzalitsitse ndani, mwini wake kapena adzukulu okumba manda?