Agogo Amene Ankafulatira Kanema

Ndikamva fungo la fodya wa m'mphuno, mtima wanga umathamangira kwa agogo aNambewe, koma sindiwaona ali pakhonde pawo ayi. Ndimawaona ali m'chisakasa cha vidiyo cha Che Ajasi ku Mbayani, momwe fungo la fodyalo linkasakanikirana ndi la thukuta, la ziguduli zonyowa zimene ankatsekera m'ming'alu kuti ana tisamasuzumire ulere, ndi la fumbi lopserera pamwamba pa kanema amene ankatentha ngati mbaula. Kunja dzuwa likuswa mtengo, owotcherera zitsulo akugogoda, amayi akuitanira tomato, koma m'katimo muli mdima wa ndiweyani, anthu atathithikana pamabenchi a matabwa, maso onse kutsogolo. Onse kupatula agogowo. Iwo ankakhala pakampando kawo pafupi ndi kanema, ataufulatira, n'kumayang'ana ifeyo.

Sanali agogo anga enieni. Tinkangogawana khoma m'nyumba za lendi, ife chitseko cha kumtunda, iwo cha kumunsi. Anachokera ku Ngabu kutsatira mwana wawo mmodzi yekhayo, a Fanuwelo, amene ankanyamula matumba kumafakitale a ku Makata. Kwathu tinalipo atatu: amayi, ine, ndi achimwene anga a Mada, amene panthawiyo anali mnyamata wometa kale ndevu, wophunzira ukalipentala.

Loweruka lina masana agogo ankachapa panja, ine ndikusewera phada chapafupi. Chakumsika kunabuka phokoso. Poyamba tinamva kuti, "Wakuba! Wakuba!" Kenako mapazi a anthu othamanga, kenako mawu ambirimbiri onena chinthu chimodzi: "Mumalize! Mumalize!" Agogo anaweramuka, namvetsera pang'ono, n'kunena kuti, "Wina lero waziona." Ndipo anapitiriza kufinya malaya. Malayawo anali a a Fanuwelo.

Uthenga unafika dzuwa litapendeka. Mtembo wa a Fanuwelo anaupeza m'mphepete mwa msewu waukulu, komwe anthu anaukokera kuti galimoto idzaunyamule mosavuta. Chimene anaba sichinadziwike mpaka lero. Ena ankati wailesi, ena ankati anangofanana ndi munthu wina amene ankamufuna. Maliro anapita ku Ngabu, ndipo tonse tinkayesa kuti agogo atsalira konko.

Patatha mwezi anabwerera, ataonda, atameta mpala. Amayi anawafunsa kuti, "Nanga amayi, mwabwereranji kuno kopanda wokusungani?"

"Thupi ndakaika," anatero agogo, "koma mwana wanga akadali m'Mbayani muno."

Anafotokoza kuti kwawo munthu akafera patchire kapena panjira, abale amapita pamalo enieni pomwe magazi ake anagwera, n'kutapa dothi la pamenepo, kumuitana ndi dzina, n'kukathira dothilo pamanda. Mukapanda kutero, mzimu sudziwa njira ya kwawo. Umangozungulira. Ankanena zimenezi ngati mmene munthu amanenera za mbuzi yosochera, osatsitsa mawu n'komwe. Ankati a Fanuwelo amabwera masana, nthawi yomwe ankabwerera kudzadya, amaima kuseri kwa chitseko, koma salowa. Ndiye chitseko chawo chinkakhala chotsegula tsiku lonse, mbale yovundikira ili patebulo. Ine kudutsa pakhomopo masana ndinkachita kuthamanga, tsitsi lili nyaunyau.

Vuto linali lakuti malowo panalibe wowauza. Agogo anayenda msika wonse, benchi ndi benchi. Wogulitsa makala anali kumaliro tsiku limenelo. Wometa tsitsi anali ku Limbe. Amayi a usipa anali ndi malungo. Abale inu, khamu lomwe tinalimva ndi makutu athu lija, tsiku limenelo aliyense anali ku Limbe. Amayi a kumphakati nawo anabwera kudzawalangiza kuti za dothizo n'zachikunja, angosiya m'manja mwa Ambuye. Agogo anawayankha kuti, "Dothilo analenga ndani?" Anthu aja anamwa tiyi wawo n'kumapita.

Miyezi yomweyo Che Ajasi anapeza tepi ina ya karate imene inapengetsa Mbayani yense. Inali ya mnyamata wovala zoyera amene zigawenga zinamuphera mng'ono wake, iye n'kupita kuphiri kukaphunzira nkhonya, n'kubwerako kudzawatha mmodzimmodzi. Zinali zoopsa koma zokongola, ndisaname. Ankamenyana pamvula, madontho akugwa pang'onopang'ono ngati akuopa kufika pansi, malaya oyera aja akuuluka, magazi akuthovoka ngati mpopi wophulika. Chinenero chawo panalibe ankachimva, koma aliyense ankamasulira mnzake molimba mtima ngati anabadwira komweko. Mnyamatayo tinkamutcha ekita, ndipo ana tonse tinkadziwa lamulo lake: ekita safa. Ine ndinali mtsikana, amayi ankandiletsa, koma ndinkazemba ndithu, ndipo potuluka ndinkamenya mateche m'malere kuposa anyamata.

Pothera pake mkulu wa zigawenga uja ankagwa m'matope, n'kugwada, n'kukweza manja kupempha chifundo. Ekita ankaima pamwamba pake, chibakera chili m'mwamba, nyimbo n'kusiya. Pamenepo chisakasa chonse chinkaimirira. Anyamata ankamenya malata, ena kukwera pamabenchi, tonse kukuwa ndi mawu amodzi: "Mumalize! Mumalize!" Chibakera chikatsika, mluzu, kuseka, kugwirana manja.

Phokoso limenelo linkafika mpaka kunyumba kwathu. Tsiku lina agogo analimva ali pakhonde akusankha nyemba. Amayi amati anaika lichero pansi bwinobwino, kenako anati, "Mawu aja ndi awa."

M'mawa mwake anatenga kampando kawo n'kupita kwa Che Ajasi. Che Ajasi anayesa kuwabweza. "Amama, muno ndi mwa achinyamata, mafilimu ake ngankhanza."

"Sindinabwerere filimu," anatero agogo, nalowa.

Poyamba anthu ankaseka. "Agogo, kanema ali kumbuyo kwanuko." Ena ankati imfa ya mwana yawasokoneza mutu. Koma kusekako sikunakhalitse. Tangoganizani, mukuonera zanu, ndipo m'munsi mwa kanemamo muli nkhope ya nkhalamba yosaphethira, kuwala kukusinthasintha kumbuyo kwake, maso akuyenda pang'onopang'ono benchi ndi benchi, kufika pa inu, kuima, kenako n'kupitirira. Ankangosuntha pofuna kununkhiza fodya basi. Anyamata ena analeka kubwera. Ena ankakuwa mopitiriza dala kuti aoneke kuti alibe nazo kanthu. Mphekesera inamveka yakuti agogo akufuna amene amakuwa kwambiri, ndipo akamupeza amulodza, adzatupa mimba.

Ine ndinagwidwa mantha, chifukwa pokuwa ndinalibe mnzanga. Madzulo ena ndinalimba mtima ndikuwapatsira moto wa mbaula.

"Agogo, akuti mukufuna amene amakuwa kwambiri?"

Anandiyang'ana, naseka pang'ono, kuseka koyamba chibwerereni ku Ngabu. "Iwe Tiya, okuwawo ndiwatani? Amene akukuwa sanaonepo kanthu. Amene anamva mmene mutu wa munthu umalirira, pamenepaja sangakuwe."

Sindinamvetse bwino, koma mtima unakhala pansi. Ndinkangoti bola si ine.

Achimwene a Mada anali asanaonere filimuyi, chinthu chomwe chinkandidabwitsa, chifukwa kale ndiwo anali oyamba pakhomo la Che Ajasi. Ankati ntchito yachuluka. Usiku ankatembenukatembenuka pamphasa, ndipo chakudya ankangochitola. Amayi ankati mwina ndi chibwenzi. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi anzawo awiri anabwera kudzawakoka. "Aise, Mbayani yense waonera, watsala iwe wekha. Ukuopa chani?" Anakana, anakana, mpaka manyazi anawagwira, n'kunyamuka. Ine ndinakondwa kwabasi, ndinawatsatira n'kukhala pambali pawo penipeni kuti ndiziwauza zomwe zikubwera.

Atalowa n'kuona agogo, anaima pakhomo ngati aponda minga, koma anthu akumbuyo anawakankha. Filimu inayamba. Ine pakamwa mpwechempweche, "Achimwene, onani apa, onani apa." Iwo ankangoti, "Eya." Tinafika pothera paja. Chigawenga chinagwada m'matope, manja m'mwamba. Nyimbo inasiya. Chisakasa chinaimirira, ine ndinakwera pabenchi, ndipo tinayamba: "Mumalize! Mumalize!"

Ndinatembenuka kuti ndione ngati achimwene akukondwa. Anali okhawo okhala pansi m'chisakasa chonse. Mutu anauika pakati pa mawondo, manja atatseka makutu. Ndinaleka kukuwa. Nditayang'ana kutsogolo, ndinapeza maso a agogo ataima. Sankayendanso benchi ndi benchi.

Anthu anatuluka akuseka, akumenya mateche. Ife atatu tinatsala. Che Ajasi anatsegula chitseko, kuwala kwa dzuwa n'kulowa, anatiyang'ana, natuluka. Agogo ananyamuka, nabwera pang'onopang'ono, naima pamaso pa achimwene.

"Mada."

"Agogo."

"Tiye ukandionetse."

Sanakuwe, sanatukwane. Ine ndinkayembekeza kuti achimwene anena kuti anali ku Limbe. Ndinkafuna anene choncho, ndinkawapempherera mumtima kuti aname. Koma anangodzuka, napukuta kumaso ndi malaya, n'kutsogola.

Tinadutsa msika, anthu akutiyang'ana n'kumayang'ana kumbali. Tinatsika kanjira ka kuseri kwa owotcherera zitsulo, mpaka pakabwalo kena kam'mbali mwa ngalande, pomwe pali mtengo wa mango wosabala. Pamenepo ndi pomwe ana tinkasonkhana tikatuluka kuvidiyo, n'kumayeserera filimu ija, wina kugwada, wina kukweza chibakera. Ine ndemwe ndinali nditagwadapo kangapo.

Achimwene analoza ndi chibwano patsinde pa mtengowo. "Apa."

Agogo anagwada. Anamasula kansalu koyera m'chiuno, nakayala, nayamba kukanda dothi ndi zala. Linali louma, lolimba, losakanikirana ndi zitsekerero za mabotolo. Akukanda choncho anafunsa, osadzutsa mutu, "Ananena chiyani?"

Achimwene anayankha kuti, "Ankati si ine. Kenako ankangoitana inuyo."

"Ndinamva phokoso," anatero agogo. "Iyeyo sindinamumve. Ndinkachapa."

Anamanga kansalu kaja, nakagwira ndi manja awiri, n'kulankhula ndi mawu omwe ankadzutsira mwana wawo m'mawa popita kuntchito: "Fanuwelo, dzuka. Ndi amako. Tiye kwathu, kuno kwatha." Kunalibe mphepo tsiku limenelo, ndipo sindinena kuti ndinaona chilichonse. Koma owotcherera aja anasiya kugogoda nthawi yomweyo, ndipo kwa kanthawi Mbayani yense anangoti zii, moti ndinkamva madzi akuyenda m'ngalande.

Achimwene anagwada nawonso. "Agogo, ine tsiku lija..."

"Ayi." Anawadula. "Ndinakufunsa malo, wandionetsa. Dzanja lakolo sindilifunsa. Uzilifunsa wekha."

Kenako anawapatsira kansalu kaja. "Nyamula. Ukandisiye pokwerera basi. Wonyamula salankhula, ndipo satembenuka, ngakhale amve wina akumuitana."

Agogo anabwerera kunyumba kukangotenga kachikwama, natseka chitseko chija koyamba masana. Tinayenda ulendo wonse wokakwera basi, achimwene patsogolo, kansalu kali m'manja awiri ngati anyamula mbale yodzaza, thukuta likuyenderera m'khosi. Kanali kadothi kongodzaza chikhatho, koma mmene ankayendera munkachita kuona kuti mapewa akulemedwa. Panjira ndinaona khosi lawo likuuma kawiri konse, ngati munthu amene waitanidwa ndipo akudziletsa kucheuka. Kumbuyo kwawo kunali ine ndi agogo basi, ndipo tonse tinali chete.

Agogo anakwera basi, nalandira kansalu kawo pawindo, nakaika pamiyendo. Kwa ine anati, "Tiya, usamale amako." Kwa achimwene sananene kanthu. Sitinawaonenso. Tinadzamva patapita zaka kuti anamwalira konko ku Ngabu, ndipo anawaika pafupi ndi mwana wawo.

Chisakasa cha Che Ajasi anachigwetsa kalekale, pano pali shopu yotchajira mafoni. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Nkolokosa, ndipo mafilimu a karate ndimawakondabe, bodza ayi. Koma mawu aja sanatulukenso pakamwa panga, ngakhale kumpira. Ndipo ndinatengera khalidwe loipa: paliponse pomwe anthu akuonera zomenyana, ine ndimapezeka ndikuyang'ana nkhope zawo, kufunafuna amene wawerama.

Achimwene ndi kalipentala wodziwika, munthu wofatsa, mkulu wa mpingo. Ndimawakonda, ndipo ndimawaopa pang'ono, zonse ziwiri pamodzi. Chaka chatha anabwera kudzationa, tikumwa tiyi pakhonde, mwana wanga wamwamuna ali pambali ndi anzake ataunjikana pafoni. Mwadzidzidzi mwanayo analumpha n'kukuwa, "Mumalize!" Kapu ya achimwene inagogoda pasosala, tiyi n'kutayikira pathalauza. Anaiika pansi msangamsanga, nabisa dzanja lamanja pansi pa lamanzere.

Funso lakuti dzanjalo linamenya nawo kapena ayi linafika pamilomo penipeni, monga limafikira nthawi zonse. Ndinalimeza, ndinadzuka, n'kupita kukatenga kansalu kopukutira tiyi. Agogo aNambewe, eni ake mwana, dzanja limenelo sanalifunse.