Makandulo a aNambewe

Linali Lachinayi, cha m'ma seventini, dzuwa litapendeka, pamene mlamu wanga anafika pageti la loji akukankha njinga ya amuna anga, gudumu litapindika. Ine ndinali m'chipinda chodyeramo alendo, machesi ali m'manja, ndikuyatsa makandulo patebulo lililonse. Amuna angawo, bambo a Dalitso, anali atakumana ndi njovu panjira ya kumunda. Koma sindikufuna kulemba za njovu, chifukwa njovu ndi nyama. Ndikufuna kulemba za aNambewe, amene anandiphunzitsa ntchito ya kandulo.

Ndikawakumbukira aNambewe, ndimamva fungo la phula la njuchi likusungunuka m'chitini chakuda, litasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za tsanya ndi la nsomba zouma zikukazingidwa kuseri kwa nyumba. Tinkayandikana nawo ku Mnkhanya ndili mwana. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo anatsika kuchokera kumtunda amuna awo atawasiya. Anamanga kanyumba ka udzu m'mbali mwa msewu, n'kumaphikira oyendetsa magalimoto a thonje ndi anthu apanjinga. Nyali ya palafini sankaifuna, ankati imanunkhitsa ndiwo. Choncho ankagula phula kwa ofula njuchi n'kumalithira m'mapesi a masamba a papaya, obooka m'kati aja, ine ndikupota chingwe cha thonje pantchafu mpaka khungu kutentha. Phula likauma ankang'amba phesi ndi chikhadabo, kandulo n'kutuluka yachikasu, yopindika pang'ono ngati chala cha nkhalamba.

Madzulo ena kunabwera bambo wina wogula thonje, wa nsapato zonyezimira, ali ndi mtsikana amene tonse tinaona kuti sanali mkazi wake. Pakona panali mkulu wina wa ku Msoro, akudya nsomba ya minga yambiri.

"Amayi, chotsani kandulo ili kwa madala uko, muionjeze pano pakongole," anatero bamboyo. "Ndilipira."

ANambewe anapukuta manja pachitenje. "Awo akudya nsomba, achimwene. Inu mukudya nkhope ya mwana wa eni ake. Amene angatsamwidwe ndani?"

Mtsikana uja anaseka mpaka kugwetsa supuni. Bamboyo ananyamuka ndiwo zili m'mbale, ndipo sanabwerenso. Ine ndinachita mantha kuti ataya kasitomala wamkulu, koma iwo anangoti, "Kandulo yanga imaunikira pakamwa, osati m'thumba."

Amayi anga atamwalira, nyengo ya thonje inali pakati, magalimoto akudutsa tsiku lonse. ANambewe anatseka kanyumba kawo. Anabwera atasenza lichero lodzaza makandulo, n'kuwaimika pansi kuzungulira mphasa imene amayi anagonekedwapo. Ine ndinkaopa kulowa. Anandigwira padzanja n'kundikhazika pafupi. "Munthu sachoka mumdima ngati wakuba," anatero. "Ayang'ane amako, mwanawe. Mawa sudzawaonanso." Ndinawayang'ana, ndipo nkhope imene ndinaona tsiku limenelo ndi imene ndili nayo mpaka lero.

Ku loji kumene ndinkagwira ntchito, kufupi ndi Nkwali, kuli magetsi a sola okwanira kuunikira mudzi wathu wonse. Koma madzulo amawazimitsa dala kuti alendo odzaona nyama adye ndi makandulo, akuti mpamene amamva kuti afikadi kuthengo. Mdima umene ife timauthawa, iwo amaukwerera ndege. Kandulo ikayaka madzulo amodzi n'kufupika, sibwereranso patebulo. Akuti yaifupi imaoneka yaumphawi. Makandulo oterowo tinkawasonkhanitsa m'ndowa n'kukawataya kudzenje pamodzi ndi makoko a mazira.

Lachinayi lija ndinapita kwa a manejala.

"Bwana, amuna anga amwalira. Ndikupempha makandulo otsala a dzulo, ali m'ndowa kuseri kwa khitchini, tikaunikire pamaliro."

"Pepani kwambiri, amake Dalitso. Galimoto ikuperekezani. Koma katundu wa kampani satuluka pageti. Ndikakupatsani inu, mawa aliyense azizimitsa makandulo msanga kuti atengere kwawo."

"Ndi otaya, bwana."

"Ndikudziwa. Ndi lamulo." Kenako anayang'ana m'chipindamo n'kufunsa mnzanga amene anaima pambali panga, "Nanga matebulo akumapetowo ayatsa ndani?"

Mawu amenewo amandiwawa kuposa kukanako. Ndinaika machesi patebulo n'kutuluka.

Nditafika kumudzi kunali kutada. Amuna anga anali atagonekedwa m'nyumba, azimayi akulira mumdima, wina atakweza foni imene moto wake unali kutha. Golosale ili kutali, ndipo panalibe amene akanayenda njira ija njovu ikadali pafupi. Ndinakhala pakhomo. Anthu akudyera nyama pa makandulo osawafuna, mwamuna wanga ali gone ngati wakuba!

Apo mpamene ndinakumbukira chitini. Bambo a Dalitso anali ndi ming'oma ya njuchi m'malire a munda, yoopsezera njovu, ndipo phula ankalisunga m'chitini pansi pa bedi. Ndinatuma mlamu kuti athyole masamba a papaya. Mayi wina anabweretsa thonje la m'munda mwake. Ndinalipota pantchafu monga kale, manja akukumbukira okha, ndipo tinamiza mapesi m'madzi kuti phula liume msanga. Makandulo anatuluka opindika, ena oduka pakati, koma anayaka. Ndinaitana mwana wanga Dalitso n'kumukhazika pafupi. Bambo ake anagona m'kuwala kwa njuchi zawo mpaka kunja kunacha.

Ku loji sindinabwererenso. Ming'oma ndikuisamala ndine, ndipo Loweruka lililonse ndimathira makandulo. Ena ndimagulitsa kwa azimayi ophika m'mbali mwa msewu. A manejala aja anatumapo munthu, akuti alendo angakonde makandulo a phula lakumudzi patebulo. Ndinamuuza kuti atha, ngakhale lichero linali lodzaza m'nyumba. Limenelo ndi la maliro. Pakagwa zovuta m'mudzi mwathu, ndimalisenza n'kupita.