Tsiku Limene Ndinabereka

Chaka chimenecho mvula inayamba msanga, ndipo pofika Disembala matewera a mwana wathu sankauma. Tinkawayanika pachingwe pakhonde, kumwamba kukada n'kuwathamangitsira m'nyumba, pamwamba pa moto, moti mwana ankanunkha utsi ngati mlamba wowamba. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, mtsikana, masaya ngati wabisa mango m'kamwa. Ine ndinkamuitana kuti amayi, chifukwa tinamupatsa dzina la mayi anga, amene tinawasiya m'manda ku Malawi, kumsasa kumene tinathawira nkhondo.

Ndinali mkamwini. Kanyumba kathu ndinakamanga kuseri kwa nkhokwe ya apongozi anga, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Insaca. Munda umene ndinkalima unali wawo, langa linali khasu lokha. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Chiuta. Titabwerako ku Malawi, bambo anga anakapeza mitengo yawo ya mango ikadali chilili, dambo la mpunga litamera bango, ndipo anakhala komweko okhaokha, kuphika okha, kutunga madzi okha. Ine ndinkafuna kutenga mkazi wanga ndi mwana tikakhale nawo, tikatsegule dambo lija. Koma mkazi sumangomunyamula ngati thumba la chimanga. Chitengwa amachita kupempha, ndipo wovomereza anali amalume ake a mkazi wanga, amene ankakonza njinga pansi pa mkuyu pamsika.

Ndinapita kukapempha mvula itangoyamba. Ndinawapeza akuviika chubu m'beseni, kufuna pamene pabowoka. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Akamwini, kulima mumalima, zimenezo sindingakane," anatero. "Koma dzino la mlamu wanu lija silinamerebe."

Ankanena za Natali, Khrisimasi ya kuno, wa chaka chapitacho. Mlamu wangayo, mlongo wake wa mkazi wanga, sanathawe nkhondo. Anabisala kutchire ndi amayi ake mpaka mtendere unabwera, ndipo ife ochokera ku Malawi ankationa ngati alendo odzadya zopsa kale. Akamwa ankanditchula kuti Mmalawi. Tsiku limenelo anawonjezapo mawu ena, ndipo dzanja langa linayankha mutu usanaganize. Ndine wa mtima wapachala, aliyense kumeneko ankadziwa. Ngakhale sukulu ndinaisiyira mtima womwewo. Titabwera kuno anandikhazika ndi tiana tamamina chifukwa sindinkamva Chipwitikizi, ndipo tsiku limene aphunzitsi anandiseketsa kwa tianato ndinatuluka, osabwereranso.

"Kuno mukapsa mtima, mwana wa mlongo wanga ali pafupi ndi amake," anapitiriza amalume. "Ku Chiuta adzathawira kwa yani?"

"Sindinamuikepo dzanja ine!"

"Ndikudziwa. Koma taonani, mwayamba kale kukalipira ine, pamene ndangofunsa." Anatulutsa chubu m'madzi, n'kuika chala pobowoka paja. "Fesita ya kutha kwa chaka ikubwera. Natali adutse, Ano Novu wolowera chaka chatsopano adutse, dzanja lanu lili m'thumba. Mukatero mudzabwere tidzakambe."

Ndinabwerera kunyumba ndikutukwana miyala ya mumsewu. Koma masabata amene anatsatirapo, ndikawakumbuka lero, anali okoma. Tinkalawirira kukapalira chimanga dzuwa lisanakwere. Mwana tinkamugoneka pamphasa pansi pa mtengo, ine n'kumapalira mizere ya kufupi naye kuti ndiziona ngati linthumbu likubwera. Anali atayamba kumera mano, ndiye chilichonse chinkapita kukamwa: dothi, tsamba, mpini wa khasu, chala changa. Amake ankadya mango n'kumusiyira njere yake ili ndi mnofu pang'ono, iye n'kumaiyamwa mpaka nkhope yonse chikasu, ntchentche zikumutsata ngati usipa wa pamsika. Mvula ikagwa masana, madzulo ake ngumbi zinkatuluka pachulu cha kuseri kwathu. Tsiku lina anagwira imodzi yekha, yamoyo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali ngati akuifunsa kwawo. Kenako anaimeza tisanamufikire.

Chimene chinkandivuta n'chakuti mwanayu ankaopa mawu anga. Ndikangokuwira mbuzi za apongozi zikalowa m'chinangwa chathu, ankadzidzimuka, timanja m'mwamba, kamlomo ka m'munsi n'kuyamba kunjenjemera. Ndiye ndinaphunzira kukalipira mbuzi monong'ona. Mkazi wanga anandipeza tsiku lina nditawerama pamaso pa tonde, ndikumuuza chapansipansi zimene ndidzamuchite tsiku la Ano Novu. Anaseka mpaka anatula ndowa.

"Mwafika pokambirana ndi mbuzi, bambo ake mwana? Ndiye yayankha kuti chiyani?"

"Yati aituma ndi apongozi."

"Kaisumireni kwa amalume."

Sabata la Natali ndinapalasa njinga kupita ku Entre Lagos ndi nkhuku ziwiri zogulitsa. Ndinabwerako ndi shuga, sopo, mafuta ophikira m'kabotolo, mabatire a wailesi amene kuno amati mapilya, ndi kapulana yatsopano ya mkazi wanga, nsalu imene ku Malawi amati chitenje, yofiira, yojambulidwa nsomba zachikasu. Mwana ndinamusankhira kadiresi pakaunjika. Amake atakatambasula anakayang'ana, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ananso ine.

"Aka adzavala tsiku loyamba sukulu."

"Ana amakula."

"Nanga mawa avala chiyani, mawu anuwo?"

Anakapinda katatu m'munsi n'kukasoka, manja ake n'kuwakwinya. Mwana anaoneka ngati belu la kutchalitchi, koma anavala.

Tsiku la Natali tinapita kukapemphera m'mawa. Mwana anagona nyimbo zonse, ng'oma zikulira, n'kudzuka pa ulaliki kuti atsutse. Titaweruka tinasonkhana pabwalo la apongozi. Amayi anali kukhitchini ndi mpunga ndi nkhuku, ife amuna pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi, ine nditakhala chofulatira kumene kunali apongozi, monga mwa ulemu wake. Amalume analipo, pampando umene anabwera nawo okha panjinga, chikho cha thobwa m'manja.

Mlamu wanga anafika dzuwa litapendeka, atavala buluku loyera latsopano, kachasu akumveka iye asanafike. Anamwetulira, mpata wa dzino lija uli poyera, n'kunditchula mlamu m'Chipwitikizi chake.

"Kunyadu wanga Mmalawi! Khrisimasi yabwino. Si mmene mumanenera kwanu kuja?"

"Fikani, alamu," ndinatero.

Anakhala moyang'anana nane. Anayamba ndi nthabwala zimene aliyense anaseka, kenako anakhotera kwa ine.

"Ife tikukumba mizu kutchire, awa anali pamzere ndi mbale, kulandira nandolo za ulere. N'chifukwa chake ali ndi mphamvu zogulula mano a eni mudzi."

Makutu anga anatentha. Ndikudziwa mmene zimayambira: kutentha kumachokera m'makutu, kutsikira m'khosi, kukathera m'dzanja. Kunali kutafika m'khosi pamene mkazi wanga anatulukira, thukuta lili kamukamu, mwana ali m'manja.

"Tandigwirirani uyu, mpunga ukupserera."

Ndinatambasula manja.

"Ayi, m'manja akulira. Imirirani. Weramani."

Ndisanazindikire chimene akuchita, anali atamukhazika mwana pamsana panga. Anamasula kapulana yatsopano ija, imene anaimanga pamwamba pa yakale, n'kuiponya pamsana, nsonga imodzi kuidutsitsa kukhwapa kwanga, ina paphewa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Anakoka zolimba ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

"Musamudzutse," anatero, n'kubwerera kukhitchini osacheuka.

Amuna onse pansi pa mtengo anatembenukira kwa ine. Kwathu kuno mwamuna amanyamula mwana paphewa kapena pamkono. Wa nsalu kumsana ndi amene mkazi wake wamwalira kapena ali gone kuchipatala. Kenako phwete linaphulika.

"Alamu abereka!" anakuwa mlamu wanga, akumenya ntchafu. "Mwabereka liti, kunyadu? Mimba sitinaione ife."

"Azamba anali ndani?" anafunsa wina.

"Akalira mumuyamwitse," anatero mkulu wina wopanda mano, amene sindinkayembekeza kuti angalankhule.

Kukhala pansi sindikanatha, kuopa kumukanikiza kumtengo. Ndinayamba kuyenda uku ndi uku, ndikudzigwedeza monga ndinkaonera amayi akuchita. Zimenezo zinawonjezera kuseka. Amalume okha ankangoyang'ana m'chikho chawo ngati mwagwera kanthu.

Mlamu wanga anaimirira n'kubwera pafupi, mpaka mpweya wake unandifika pamphuno. Tsopano sankasekanso.

"Ndamva kuti mukufuna kunyamula mlongo wanga kupita naye kumatope a ku Chiuta. Tengani khasu lanu muzipita. Mwana uyu ndi wathu. Mkamwini ndi tambala wobwereka. Mazira akaswa amabwerera kwawo, anapiye n'kutsala."

Dzanja linafumbata lokha. Ndinakoka mpweya kuti ndimukuwire, chifuwa chinakula, ndipo mfundo ya kapulana inandiluma. Pamsana ndinamva kamutu kotentha pakati pa mapewa, ndi kampweya kake kakulowa m'malaya. Ndinaponya phazi limodzi kutsogolo. Kuti ndimenye, ndinayenera kubweza phewa m'mbuyo, ndipo paphewa pomwepo ndi pamene panagona tsaya lake. Kuti ndikuwe, timanja tija tikanakwera m'mwamba. Ndinangoima choncho, chibakera chili m'mbali, ngati munthu wofumbata dzira amene sakudziwa poliika.

Ndipo ndinamva kufunda kwina, kosachokera m'makutu. Kunayambira pakati pa msana, kutsika pang'onopang'ono, kulowa m'lamba, mpaka kumwendo.

Ndinatembenuka mosamala, n'kumulozetsa msana mlamu wanga.

"Eni ake mwana," ndinanong'ona, "nayu wanu uja wakodza. Masulani. Matewera ali pachingwe kwathu, koma sanaume."

Anayang'ana madontho amene ankagwa kuchokera kukapulana, anayang'ana buluku lake loyera, n'kubwerera m'mbuyo msangamsanga mpaka anapunthwa pamtondo. Kuseka konse kunasamukira kwa iye. Ngakhale kukhitchini ndinamva apongozi anga akuseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo pafupi chotero chikwatirire. Mlamu wanga anadzikung'untha fumbi, n'kukhala pansi.

"Tambala ameneyu wayamba kulankhula ngati munthu," anatero.

Tinadya mbale imodzi, ine chogwada, mwana akadali kumsana, malaya atandimatirira. Nthutumba anaitola ndi mlamu wangayo. Ndinangoiona ikupita.

Madzulo ndinapeza mkazi wanga akuchapa kapulana kuseri kwa nyumba.

"Unachita dala iwe."

"Mpunga unkapserera."

"Sunapserere. Ndadya ine."

"Chifukwa munandigwirira mwana," anatero, n'kundipatsa nsonga imodzi kuti tithandizane kufinya.

Tsiku la Ano Novu sindinadikire kuuzidwa. Nditaona mlamu wanga akutulukira kumsewu, ndinatenga kapulana pachingwe n'kukawerama ndekha pamaso pa mkazi wanga. Anthu anasekabe, koma pang'ono. Amayi a m'mudzimo anayamba kundipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji, amake mwana?" ndipo ine ndinkayankha bwinobwino. Tonde uja anapulumuka, chifukwa apongozi anati ngwa mbewu.

Fesita itatha ndinapita pansi pa mkuyu. Amalume anali akukunga masipoko, gudumu lili pakati pa maondo. Ndinakhala pachitsa n'kudikira. Analizunguza, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi, n'kulizunguzanso.

"Amene anagwira dzanja lija ndani," anafunsa, "inu kapena mwana?"

Ndinafuna kunena kuti ndine. Koma munthu amene amapeza pobowoka ndi beseni la madzi sungamunamize.

"Mwana."

"Ndinaona." Anakunga sipoko ina. "Ndiye musamatalikirane naye. Mukolole kaye chimanga cha apongozi anu, msewu uume, muzipita. Njinga yanuyo mubwere nayo ndidzalimbitse kaliyala. Mmene alilimu sangafike ku Chiuta ndi miphika."

Tinanyamuka titakolola. Mlamu wanga anatiperekeza mpaka pamsewu, atasenza mphasa yathu, akudandaula njira yonse kuti ndani azipalira munda wa amake. Pamene panali mchenga wambiri tinkatsika, mkazi wanga n'kumakankha njinga ndi katundu, ine mwana kumsana, m'kapulana yofiira ija, imene nsomba zake zinali zitayamba kufwifwa.

Bambo anga tinawapeza pansi pa mango awo, akusema mpini. Anaika dzanja pamphumi n'kutiyang'ana tikubwera, osaimirira. Anayang'ana mfundo ya pachifuwa panga nthawi yaitali, ndipo ndinakonzeka kumva za azamba kachiwiri. Koma anaika kasemasema pansi, n'kupukuta manja pakabudula.

"Tamutsitsa mkazi wanga," anatero, maso ali pa mwana wa dzina la mayi anga. "Wamuchedwetsa panjira."