Mawu a Stelia Anatsala ku Guilleme

Pa boma la Mchinji mukafunsa za Mateyo Sakala, anthu amayamba ayang'anana. Koma mukangoti "Chigayo," ngakhale wa kabaza wofika dzulo akulozerani khonde la sitolo ya a Hashim, pomwe pali tebulo lopendekeka, laputopu ya batire lakufa ndi sipika imodzi yomangidwa ndi mphira. Dzinali anam'patsa chifukwa cha nyimbo zake. Amati zimangoti gu-gu-gu tsiku lonse ngati chigayo cha dizilo, kusiyana kwake n'kwakuti ufa sutuluka.

Ntchito yomudyetsa ndi yoikira anthu nyimbo m'mamemore khadi. Wina afuna za kwaya, wina za ku Zambia, iye amangoika osanyinyirika. Koma mtima wake uli pa nyimbo za hausi, osati zothamanga zija zothyola msana ayi, koma zofatsa, za piyano yolira pansipansi ndi besi woyenda ngati munthu wosathamangira kulikonse. Anazimva koyamba akugulitsa mazira owiritsa pa bodala, m'thiraki ya dalaivala wina wochokera ku Joni amene ankadikira mapepala. Anaima pa chitseko cha thirakiyo mpaka mazira anazizira, ndipo kuchokera tsiku limenelo mutu unatembenuka.

Anadziphunzitsa yekha kupanga nyimbozo. Analinso ndi kakhalidwe kake: zolira za pa intaneti sankazikonda, ankati zilibe fungo. Ankayenda ndi foni n'kumajambula belu la njinga, musi ukugunda mu mtondo, mvula pa malata a tchalitchi, kenaka n'kuzidula n'kuziyala pamwamba pa ng'oma. Anthu ankamuona atagwada pafupi ndi mjigo foni ili m'manja, n'kupukusa mitu. Misala ili mitundumitundu, yake inali yosagenda.

Anakwatira Stelia, mtsikana wa m'kwaya wa m'mudzi wina kufupi ndi Guilleme, n'kukakhala komweko chikamwini. Kunena zoona, ngati mkamwini Mateyo anali wochititsa manyazi. Mizere yake inkakhota, khasu linkamutulutsa matuza, ndipo m'mawa anzake akulowera kumunda iye ankakwera njinga kupita ku boma. Apongozi ake, mayi Agnes, sanamunenepo pamaso, chifukwa awiriwa ankapewana monga mwa mwambo. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa Stelia. Ndiye Stelia ankasefa, zowawa n'kutaya, zokoma n'kufikitsa.

Tsiku lina masana, nyengo yokolola, Stelia anakhala pakhonde akusenda mtedza, kamwana kawo Princess kali pambali. Ankaimba kanyimbo kake kongopeka, kamawu ochepa: "Ukapita usachedwe, dzuwa likulowa." Mateyo anaika foni mwakachetechete kuseri kwa lichero. Pambuyo pake anadula malo oimbawo, n'kuyala pansi pake ng'oma, besi ndi piyano, ndipo kuthetheka kwa makoko a mtedza anakusandutsa chisekese. Stelia ataimva anabisa nkhope m'chitenje, koma anaseka mpaka misozi.

Nyimboyo inayenda popanda wayilesi. Inadumpha kuchoka m'foni kupita m'foni, inakwera maminibasi, inawoloka mpaka ku Chipata. Pa maukwati ankaiika nthawi yoti akwati alowe. A Hashim, amene kale ankadandaula za phokoso, anayamba kuuza makasitomala kuti magetsi opangira nyimboyo anali awo. Kwa nthawi yoyamba dzina la Chigayo linamveka ngati ulemu.

Dzinja lotsatira Stelia anadwala. Sanagonere nthawi yaitali. Anamwalira chimanga chisanamasule, ndipo Mateyo anangoti kakasi, osalira mokweza, osadya, osatsegula laputopu. Zinamuwawa kwambiri munthuyu, ndipo amene ankamuseka aja anamumvera chisoni.

Koma nyimbo siidziwa kuti mwini wake wamwalira. Inapitiriza kulira. Patapita miyezi, mayi Agnes anapita ku msika wa Kamwendo kukagulitsa mtedza. Akudutsa pa bala ina anamva mwana wawo akuimba. Anatembenuka, n'kuona bambo wina woledzera akuvina botolo lili pamutu, anzake akumuombera m'manja, mawu a Stelia akuti dzuwa likulowa. Beseni linagwa, mtedza unamwazika m'fumbi, ndipo anthu anachita kuwanyamula mayiwo kukawakhazika pamthunzi.

Madzulo ake a Phillip, malume ake a malemu, anamuitana Mateyo.

"Akamwini, munthu tinamuika, tinalira, tinameta," anatero a Phillip. "Nanga inu mukumuvinitsa bwanji m'mabala? Agona liti mwana wathuyu?"

Mateyo nayenso ankati akaimva mu minibasi ankatsika asanafike. Anatenga njinga n'kuyamba kuyenda kwa anzake onse oika nyimbo, pa boma, ku Kamwendo, pa bodala, kuwapempha kuti aifufute. Munthu amene moyo wake wonse ankalakalaka kumveka, tsopano ankagwada kupempha kuti asamveke. Ena anafufuta pamaso pake. Ena anavomera ndi pakamwa pokha. Wina anamuuza mosabisa kuti madzi akatayika saoleka.

Chimene abale anachilimbikira chinali gwero lake, mawu enieni aja ali mu laputopu. Anagwirizana kuti pa tsiku lomusudzula, pomumasula kuti abwerere kwawo, awafufute onse akuona. Princess atsala kwa agogo ake, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Mateyo sanatsutse za mwana, mwambo ankaudziwa ndipo Guilleme si kutali. Koma mawuwo anali okhawo omwe anatsala nawo. Zovala za Stelia anagawana azibale, chithunzi chaukwati chinadyedwa ndi chiswe. Akangofufuta, mkazi wake sadzamumvanso mpaka kalekale.

Tsikulo anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa chapatali. Mayi Agnes anakhala chammbali, nkhope atalozetsa kunkhokwe. Ankhoswe atatha mawu awo, Mateyo anatsegula laputopu pamaondo pake.

"Malume, nyimboyi ili ngati nyumba," anatero. "Siigwetsedwa kamodzi. Ndiyambira kudenga."

Linali bodza laling'ono, batani limodzi likanakwanira, koma ankafuna kuchedwetsa. Anayatsa nyimbo. Amayi ena anayamba kusisima. Anachotsa ng'oma. Anachotsa besi. Anachotsa piyano. Panatsala mawu okha, oyera, ndi makoko a mtedza akuthetheka. Ndipo popeza tsopano chimene chinkalira chinali chojambulidwa chonse chosadula chija, nyimbo itatha mawu sanathe. Nkhuku inalira chapatali. Princess wakhanda anakhosomola. Kenaka Stelia anaseka.

"Bambo a Princess, mwabisa chiyani kuseri kwa licheroko? Chotsani, mukundichititsa manyazi!" Panamveka kukokana, kuseka kwa awiri, kenaka Stelia anakweza mawu kuitana kutsidya kwa bwalo: "Amayi! Mwadya koma? Bwerani mudzaone zimene akuchita akamwini anu kuno!"

Princess, amene anali pamiyendo ya azakhali ake, anadzuka n'kuyang'ana kukhonde.

A Phillip anatsokomola, n'kunena motsitsa kuti, "Chabwino, malizani."

Chala cha Mateyo chinali kale pa batani pamene mayi Agnes anatembenuka. Pa zaka zonse za ukwati uja anali asanamuyang'anepo m'maso mkamwini wawo. Tsiku limenelo anamuyang'ana, ndipo analankhula naye okha, opanda wodzera.

"Bambo, bwezeraninso pomwe akundiitanapo."

Anabwezera. Mayiwo anamvera maso ali otseka, milomo ikuyenda ngati akuyankha. Atatha anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kumasula mfundo yomwe munali kafoni kawo ka mabatani.

"Achimwene, mwana wangayu safufutidwa," anauza a Phillip. Kenaka anabwerera kwa Mateyo. "Koma sapitanso ku bala. Mawuwa ndi a m'mudzi muno, atsala kuno monga akutsalira Princess. Ikani umu. Ng'oma zanuzo tengani, ndi zanu."

Mateyo anafuna kupempha kuti nayenso asungeko mawuwo, koma anadziletsa. Anadziwa kuti akakhala mu laputopu, tsiku lina chisoni chidzamutuma kuwayalanso pa ng'oma, ndipo adzatulukanso. Anaika mawuwo pa memore khadi, n'kuilowetsa m'kafoni kaja, n'kuyesa ngati ikulira. Kenaka anafufuta mawu onse a Stelia mu laputopu, a Phillip akuyang'anitsitsa ngakhale sankadziwa chomwe akuona. Anamanga chikwama pa njinga n'kutuluka m'mudzimo ali ndi nyimbo yopanda woimba.

Lero akadali pa khonde la a Hashim. Imvi zayamba, sipika ndi yomwe ija. Amapangabe hausi yake yofatsa, ndipo achinyamata amabwera kudzaimbira pa ng'oma zake. Koma ilipo imodzi imene salola munthu kuimbapo. Amaiika nthawi zina dzuwa likapendeka, piyano n'kuyenda, makoko a mtedza n'kuthetheka, n'kufika pamalo pomwe mawu amayenera kulowa, osalowa. Wina akafunsa amangoti sinathe.

Lamlungu lililonse amapalasa njinga kupita ku Guilleme, atanyamula shuga ndi mabanzi a Princess. Panjira iye ndi mayi Agnes sapatukiranso kutchire. Akafika amamuyalira mphasa pakhonde lomwe lija, amamufunsa za ulendo, kenaka mayiwo amamasula mfundo ya chitenje n'kumupatsira kafoni ndi manja awiri.

"Nawo akazi anu," amatero, n'kupita kuseri kwa nyumba kuti awiriwo acheze.