Ida Anakana Lumo

Ida Mbewe anabadwira kumapiri a Vubwi, m'boma la Chadiza, kumene Zambia amathera pakati pa Malawi ndi Mozambique. Malire a kumeneko si mtsinje kapena mpanda. Ndi chimwala cha simenti chimene azungu anakhazika pakati pa munda wa agogo ake, osafunsa mwini munda, n'kumapita. Nyumba za mudzi wawo wa Msekeni zinatsala m'Zambia, koma chitsime, madimba ndi manda zinapezeka zili m'Malawi. Anthu sanavutike nazo mtima. Pachimwalacho ankayanikapo fodya, mbuzi n'kumadzikandapo, ndipo mayi ake a Ida ankayamba mzere m'dziko lino n'kukautsiriza m'dziko linalo.

Dothi la kumeneko ndi lofiira, lobereka chimanga, thonje, fodya, makamaka mtedza waukuluukulu uja wa Chalimbana umene eni ake amati nshawa. Chosowa chinali msewu. Mvula ikagwa, malole ochokera ku Chipata ankathera m'matope, ndipo chimanga chinkamera m'matumba podikira ogula amene ankalonjeza chaka ndi chaka. Chigayo chapafupi chinali ku Malawi, chipatala chapafupi chinalinso ku Malawi. Akuluakulu a ku Lusaka ankakumbukira dera limeneli pa nthawi ya mavoti yokha.

Ufulu uli ndi zaka zitatu, Ida anakwatiwa ndi Rodgers, mlonda wa pamalo ocheka matabwa ku Lusaka, ndipo anamanga kanyumba ka zidina m'komboni ya George. Rodgers anamwalira ndi chifuwa mu 1978, n'kumusiyira ana anayi ndi denga lodontha. Chimene chinawapulumutsa ndi tebulo limodzi pakamsika kena kumapeto kwa George, kumbali ya Lilanda. Chaka chilichonse akakolola, mayi ake ankakweza matumba a mtedza pa lole ya Moven, dalaivala wa kwawo komweko, ndipo Ida ankagulitsa wosenda, wokazinga ndi wosinja. Pamsika ankamudziwa kuti bamake Chrissie. Ana onse anayi ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha tebulo limenelo, panalibenso china.

Kenaka zinafika zaka za mizere. Sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, shuga ukangomva kuti wafika wathanso. Zinthu zikasowa chonchi pamafunika womuloza chala, ndipo chala chinaloza alendo ndi ozembetsa katundu. Pakamsikapo wolozayo anali ba Nkole, tcheyamani wa msika ndiponso wa nthambi ya Chipani cholamula, bambo wokonda kulankhula ataimirira pabenchi. Kuseri kwa nyumba yawo ankagulitsa shuga mobisa, ndipo Ida ankawadziwa bwino mapaketi akewo, chifukwa anali omwe aja ogulitsidwa ku Malawi, kutsidya kwa chimwala. Akawamva akutukwana ozembetsa, ankanyansidwa nawo.

Cholakwa chake chinali chaching'ono, cha munthu wa kumalire. Tsiku lina nesi wa ku Lilanda, kasitomala wake wakale, anatola mtedza m'manja n'kufunsa.

“Izi nshawa zichokela kuti, bamake Chrissie? Ni zikulu maningi.”

“M'munda mwa amayi anga,” anatero Ida monyadira. “Zonona chonchi n'za kumunsi, mbali ya Malawi. Za kumtunda, mbali ya Zambia, zimachepa, kuli miyala.”

Iye ankanena za dothi basi. Koma patebulo loyandikana panali Salome wogulitsa tinsomba ta kapenta, mnzake woluka naye tsitsi masana makasitomala akachepa, amene mng'ono wake anali atatha chaka akusakasaka malo pamsikapo. Pofika Lachisanu Ida anaitanidwa kukachipinda ka malata ka komiti.

“Bamake Chrissie,” anayamba ba Nkole, “tamvela kuti ndimwe ba ku Malawi, na nshawa zanu ni zozembetsa. Matebulo apa ni ya bana ba dziko.”

Ida anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa chitupa chake chobiriwira cha unzika ndi khadi la Chipani. Ba Nkole sanazigwire n'komwe.

“Mapepala aliyense angapeze. Ine nifuna kuziba manda. Bakwanu bakafa mubaika kuti?”

Ida anafuna kufotokoza za chimwala, za nyumba kuno ndi chitsime uko. Anawayang'ana bambowo, munthu amene sanawolokepo mlatho wa Luangwa wopitira kwawo kwa Ida, n'kuona kuti akangotchula Malawi kachiwiri tebulo lapita. Anaganiza za ana.

“Kuseri kwa nyumba zathu, m'Zambia,” ananama.

“Chabwino. Lamulo la msika muiziba: membala akafedwa kholo, komiti imupelekeza mpaka ku manda. Bamayi banu ni bakulu. Tizakaona na maso yathu.”

Mwambo woperekezawo unali chinthu chabwino kwambiri pamsikapo. Ida yemweyo anapitapo mpaka ku Kabwe kukaphika pamaliro a bambo wa mnzake, n'kugona pasimenti masiku atatu osadandaula. Lero munthu anautenga n'kuusandutsa msampha, akumwetulira. Ida anatuluka m'kachipindamo atanyansidwa ndi ba Nkole, ndi Salome, ndiponso ndi pakamwa pake pomwe.

Chaka chotsatira, mu Juni 1987, Moven anafika pamsika m'mawa wopanda thumba ngakhale limodzi. Anavula chipewa, ndipo Ida anadziwa asanauzidwe. Anamukokera kuseri kwa mulu wa makala.

“Amayi atisiya Lolemba, alongo,” ananong'ona Moven.

“Wauza ndani wina?”

“Palibe.”

“Usauze munthu.”

Mkazi wofedwa mayi amagwa pansi n'kulira msika wonse kumva, anzake n'kumugwira, n'kutseka matebulo. Ida anameza zonsezo, anabwerera patebulo, n'kuuza Salome kuti matumba achedwa, apita yekha kukawatenga. Ngakhale ana ake sanawauze, chifukwa ana sasunga nkhani. Anakwera basi ya ku Chipata ndi nkhope youma, ndipo anayamba kulira atadutsa Chongwe.

Kumudzi anapeza ataika kale. Mudzi unali utadzaza ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ogona m'makonde ndi m'zigafa za fodya, ndipo palibe amene ankawafunsa kuti manda awo ali kuti. Abale anamuperekeza kukaona mtumbira. Anadutsa chimwala chija monga ankachitira popita kukatunga madzi, n'kuyenda pang'ono, n'kulowa m'nkhalango ya manda. Pamenepo analira mpaka mawu kutha.

Chinthu chimodzi anali atamudikirira. Maliro akatha, abale onse amameta mpala, ndipo pokhala iye mwana woyamba, lumo linayenera kuyambira pamutu pake. M'mawa mwake anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Mayi ake aang'ono, mng'ono wa malemuwo, anakhala pampando ndi lumo, beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo.

Ida anali ataganiza kale zonse. Mpango ungabise mutu tsiku limodzi kapena awiri, koma pamsika pamene akazi amavulana mipango masana kuti alukane, mpala sungabisike sabata. Akaona mpala adzafunsa wamwalira ndani, ndipo ba Nkole adzafunsa chifukwa chake anabisa maliro. Akatero, aliyense adzalidziwa yankho: manda ali ku Malawi.

“Ine musandimete, amayi,” anatero atagwada.

Mayi aang'onowo anaika lumo pamwendo. “Wati chiyani, Nambewe?”

“Kuntchito kwathu salola.”

“Ntchito yanji yoletsa munthu kulira mayi wake? Mtedza umene walelera ana akowo ankalima ndani? Anamwalira akusenda wa iwe, lichero lili pamiyendo.”

Ida akananena zoona, akanawauzanso kuti manda amene analirapo dzulo anawakana pamaso pa anthu, ndipo zimenezo sakanatha kuzitulutsa. Kumbuyo kwake mayi wina anang'ung'udza kuti tauni yamudya mutu. Wina ananong'ona, koma momveka, kuti wokana kumeta amadziwa chimene chapha malemu.

“Dzuka,” anatero mayi aang'onowo. “Pita nalo tsitsi lakolo. Bwera iwe wotsatira.”

Anaima pambali n'kumaonerera azing'ono ake, alongo ake, ngakhale tiana ta m'mudzi tikumetedwa. Pofika masana iye yekha ndiye anali ndi tsitsi pabwalo lonse, ndipo palibe amene anakhala naye pamphasa imodzi. Mawa lake anatenga matumba awiri m'nkhokwe ya mayi ake, poti sakanabwerera ku Lusaka chimanjamanja atanena kuti wapita kukatenga katundu. Abale anamuyang'ana akukweza, osamuthandiza, osamuletsa. Iye mwini ankadziona ngati wakuba.

Tebulo analipeza lilipo. Analigwirabe zaka zambiri pambuyo pake, ana onse anamaliza sukulu, koma kumudzi sanamuitanenso pa chilichonse, ngakhale pa chiliza cha mayi ake.

Tsiku limene anabwerera, ba Nkole anadutsa m'mawa, anatapa mtedza m'thumba osapempha, n'kutafuna akuyenda. Masana dzuwa litawawa, makasitomala atachepa, Salome anasendera pafupi ndi chipeso m'manja.

“Mwayenda bwino, bamake Chrissie? Bamayi bali bwanji kumunzi?”

“Ali bwino,” anatero Ida. “Akupatsani moni.”

“Zikomo. Koma tsitsi yanu yakula, yayipa. Bwelani nikulukeni.”

Ida anavula mpango, anakhala pansi pakati pa miyendo ya Salome, n'kupereka mutu.