Nkhunda za a Sayirini

Mukatsika minibasi pamsewu wopita ku Muloza, n'kutsata kanjira kodutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, mupeza nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi khola la nkhunda kumaso kwake. Pansi pa kholalo kawirikawiri pamakhala bambo wamtali, waimvi, akuyankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi. Amenewo ndi a Vincent Muhiwa. Koma mukafunsa dzina limeneli anthu akhoza kukusocheretsani, chifukwa mudzi wonse umawadziwa kuti a Sayirini.

A Muhiwa anabadwa mu 1956, kapena 1957, pakuti chiphaso chawo ndi kaundula wa kumpingo sizigwirizana. Makolo awo anachokera kutsidya, cha ku Milange. Sukulu analekeza Sitandade 6, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anabereka dengu n'kuyamba kuthyola tiyi kuesiteti. Patapita zaka anawakweza kukhala kapitawo, ntchito imene anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina la Sayirini linachokera kumeneko. Akaima pamwamba pa munda n'kukuwa kuti "Masamba awiri ndi kansonga, osati nthambi!" ngakhale othyola a munda wachitatu ankaweramira pansi. Ena ankati tsiku limene sayirini ya kufakitale inawonongeka palibe anachedwa kuntchito.

Anapuma ntchito mu 2017, koma mawuwo sanapume. Anabwera nawo kunyumba, kumudzi kwa akazi awo a Estele, amayi a mwana wawo Ireen, kumene akhala ngati mkamwini kuyambira 1981. Nkhuku ikalowa m'nyumba, mawu. Madzi osamba akazizira, mawu. Sanali munthu wa nkhanza, izi ziyenera kumveka bwino. Dzanja sanakwezepo pa munthu. Kungoti mtima wawo unali pafupi, ndipo pakamwa panalibe chitseko.

Kenaka m'maso munayamba kuchita chifunga. Poyamba ankati ndi chiperoni, mpaka tsiku lina dzuwa lili phwee anafunsa a Estele kuti phiri lapita kuti. Inali ng'ala, maso onse awiri. Baibulo analeka kuwerenga, njinga anaikoleka, ndipo pa bawo ankagwira zala za mnzawo m'malo mwa nkhomo.

Mu Meyi chaka chatha kunamveka kuti madokotala a maso abwera kuchipatala kudzapala ng'ala. A Muhiwa anavala jekete, a Estele anawagwira dzanja, n'kupita. Asanalowe kwa dokotala, namwino wina wachitsikana, dzina lake Jacqueline, anawamanga lamba wa makina pamkono. Anayeza kawiri.

"Agogo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Pamwamba 190, pansi 110. Ndi mmene zililimu dokotala sangakhudze diso lanu."

"Makina anuwo ndi onama," anatero a Muhiwa, ndipo odwala a pabenchi yakutali anatembenuka onse.

"Mwaona? Akukweranso pompano," anatero namwinoyo akuseka. "Madokotalawa abweranso pa 14 Ogasiti. Imwani mapilitsi awa tsiku lililonse, chepetsani mchere, muziyenda, ndipo mtima muziugwira. Magazi akatsika, tikupalani. Akapanda kutsika, mudikira chaka chamawa."

Mapilitsiwo anamwa masiku anayi, lachisanu anaiwala, lachisanu ndi chimodzi anakalipira a Estele kuti sanawakumbutse.

Pamsika wapafupi pali telala, Che Mustapha, mnzawo wa bawo wa zaka zambiri. Iwowa ataimva nkhaniyi anaimitsa makina, n'kupita kuseri kwa nyumba. Anabwera ndi katoni yobowolabowola, mkati mukupalasa zinthu.

"Achimwene, tengani. Yaimuna ndi yaikazi."

"Ndiwo?"

"Mukadya izi ubale wathu watha. Izi n'zoweta. Koma mukudziwa mmene akuluakulu amanenera za nkhunda: pakhomo pamene pali phokoso ndi mikangano sizikhalapo. Zimasamuka osatsanzika. Ndiye kwa inu ndikuzipatsa sabata imodzi, zibwerera zokha kuno."

"Sabata imodzi? Ine?"

"Mwayamba kale. Tsitsani, zikumva."

A Muhiwa analandira katoniyo chifukwa cha mwano umenewo basi. Ankafuna kumuonetsa telalayo.

Khola anamanga okha mopapasa, ndi nsungwi ndi zidutswa za matabwa, pamitengo inayi. Linapendekeka pang'ono, ndipo mpaka lero n'lopendekeka. Nkhundazo anazitsekera masabata awiri kuti zizolowere, monga anawalangizira Che Mustapha. Yaimuna anaitcha Kalaliki, chifukwa inkayenda modzitukumula ngati kalaliki wa pasikelo ya tiyi. Yaikazi anaitcha Dona. Anamva kwa telala kuti Dona ndi yoyera mbee, ndipo ankauza aliyense wodutsa kuti ali ndi nkhunda yoyera ngati gauni la ukwati.

Tsiku lotsekula khola a Muhiwa sanadye m'mawa. Anamva mapiko phaphapha kulowera kuphiri, n'kukhala pampando kudikira. Masana anamva timapazi padenga la malata. Anafuna kukuwa ndi chimwemwe, koma anadzigwira pakamwa.

Kuyambira pamenepo moyo unasintha mwa tinthu ting'onoting'ono. Nkhunda zimadzuka mbandakucha, ndiye nawonso ankadzuka. Botolo la mapilitsi analiika m'chitini cha mapira, kuti dzanja likamatapa chakudya cha mbalame likumane nalo. Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyepo. Madeya ankakatenga okha kuchigayo, mtunda wa makilomita awiri, ndodo patsogolo, kupita ndi kubwera, katatu pa sabata. A Estele akati atumize munthu ankakana, amvekere ena sadziwa kusankha madeya abwino. Madzulo ankakhala pansi pa khola kumvetsera Kalaliki akulira kukuu-kukuu mozungulira mkazi wake, ndipo ankapezeka kuti ola latha osakwiyira chilichonse. Dona anafika pozolowera kutera paphewa pawo. Ankamva kutentha kwa timapazi take kudzera m'malaya, ndi kamtima kake kakugunda pafupi ndi khutu lawo.

Amene anapindula msanga anali a Estele. Anazindikira kuti tsopano ali ndi chida. Ndiwo zikabwera zopanda mchere, a Muhiwa n'kukoka mpweya kuti ayambe, iwo ankangoti, "Abambo ake Ireen, nkhunda."

Mpweya uja unkatuluka pang'onopang'ono ngati tayala lobowoka.

"Ndimangofuna kunena kuti kalongondayu wakoma," ankatero monong'ona.

"Zikomo. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikuphika, lero ndiye wakoma."

Anthu a m'mudzi anayamba kufunsana ngati a Sayirini akudwala. Mlamu wawo wina anabwera kudzazonda, n'kuwapeza akukambirana ndi mbalame nkhani ya mtengo wa feteleza.

Mu Juni Dona anaikira mazira awiri, ndipo anaswa onse. M'mawa uliwonse a Muhiwa ankakwera pa mtondo wovundikira, n'kulowetsa dzanja m'khola kupapasa maundawo, kumva mmene akunenepera. Apa m'pamene panayambira vuto. Aliyense amadziwa kuti maunda onona ndi ndiwo zapamwamba, ndipo a Estele anali atanenapo kawiri, mwanthabwala, kuti akuoneka okoma.

Pa 9 Ogasiti, kutatsala masiku asanu, a Muhiwa analowetsa dzanja m'khola n'kupeza chisa chili chopanda kanthu. Anapapasa ngodya zonse. Nthawi yomweyo mphepo inabweretsa fungo la anyezi wokazinga kuchokera kukhitchini.

Mawu amene anasungika miyezi itatu anatuluka onse nthawi imodzi. Akuti anamveka mpaka kumjigo. Anati a Estele ndi mfiti ya ndiwo, anati m'mudzi muno anthu ake ndi osusuka kuyambira kalekale, anatchula ngakhale malemu apongozi awo. Ali pakati pokuwa anamva mapiko kuchoka padenga. Sanali mapiko a mbalame ziwiri. Anali a mbalame zinayi.

A Estele anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja.

"Ana anuwo aphunzira kuuluka lero m'mawa. Anali padenga pomwepa, ndimadikira kuti mutsike ndikuuzeni. Mumphikamu muli bonya." Anapukuta manja pachitenje. "Ndili kwa achemwali."

Kwa achemwali awo ndi nyumba yachitatu yokha kuchokera pamenepo, koma kwa mkamwini wosaona bwino unali mtunda wautali. Tsiku limenelo nkhunda sizinabwere. M'mawa mwake a Muhiwa anamwaza mapira pabwalo, koma zimene zinabwera zinali nkhuku za eni. M'mutu munayamba kugunda monga kale. Anatenga ndodo n'kupita kumsika.

"Kuno sizinafike," anatero Che Mustapha, makina osaimitsa. "Ndakumvani dzulo, ndinali pa swala kumzikiti. Ndinaganiza kuti fakitale yasintha nthawi."

"Musandiseke, achimwene. Nditani?"

"Mukundifunsa ine? Amene munawatukwana si ine."

A Muhiwa anabwerera, koma sanakhotere kwawo. Anawerenga zitseko ndi ndodo mpaka nyumba yachitatu. A Estele anali pamkeka ndi achemwali awo, akusola nandolo. Bambo amene anakhala akulamula anthu zana limodzi anavula chipewa, n'kukhala pansi, padothi.

"Amayi ake Ireen, ndinalakwa."

"Mwati bwanji? Achemwali, mwamva kanthu inu?"

"Ine ayi, mwina ndi mphepo," anatero achemwali aja.

"Ndati ndinalakwa. Pepani. Ndi amayi anu omwe, malemu, ndawalakwira."

"Kwezani pang'ono. Dzulo mawu munali nawo."

Ananenanso kachitatu, ndipo amayi awiriwo anaseka mpaka nandolo zinatayika. A Estele anadzuka, anawakutumula fumbi kumbuyo kwa buluku, n'kuwagwira dzanja kupita kunyumba. Panjira anati chiyambire 1981 mawu amenewo anali asanawamvepo, ndipo akanadziwa akanagula nkhunda kalekale.

Mbalamezo zinabwera mawa lake masana, zonse zinayi, n'kutera padenga ngati palibe chinachitika. Pali ena amene amati masiku awiriwo zinali kumudzi woyandikana kumene anthu anayanika mpunga, ndipo zinabwerera chifukwa mpungawo unalowetsedwa m'nyumba. Zimenezo n'zotheka ndithu. A Muhiwa samatsutsa, amangomwetulira.

Pa 14 Ogasiti anakhalanso pabenchi ija. Namwino Jacqueline anawazindikira.

"Agogo a makina onama aja. Bweretsani mkono."

Makina anaonetsa 162. Namwinoyo anati nthawi zina ndi mantha chabe, akhale phee mphindi khumi ayezenso. Mphindi khumi zimenezo zinali zazitali kuposa miyezi itatu ija. Ali chikhalire, anamva a Estele akusendera pafupi, n'kuika chala chimodzi paphewa pawo, pamene Dona amatera. Kenaka a Estelewo, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, mlembi wa gulu la amayi kumpingo, anayamba kulira pansipansi m'khutu mwawo: kukuu-kukuu, kukuu-kukuu.

A Muhiwa anaseka mpaka misozi, mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka.

Ulendo wachiwiri makina anaonetsa 138 pamwamba, 84 pansi.

"Mwatani, agogo?" anafunsa namwinoyo akulemba.

"Mapilitsi anu, kuyenda, ndi ndiwo zosakoma," anatero. "Komanso ndili ndi madokotala anayi kunyumba, amagona pamitengo."

Anawapala diso lakumanja tsiku lomwelo. M'mawa mwake atachotsa thonje, chinthu choyamba kuona chinali nkhope ya a Estele. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti imvi zawachuluka. A Estele anati ayambe aona kalilole.

Atatsika minibasi anaima kaye kuyang'ana phiri, lomwe linali pamalo pake, ndi mizere ya mathithi ake. Minda ya tiyi inali yobiriwira kuposa mmene ankaikumbukira. Pakhomo anapeza Che Mustapha akuwadikira pampando wawo uja. Nkhunda ina inatsika padenga n'kutera paphewa pawo. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Inali yotuwa ngati phulusa, ya mawangamawanga, ndi nthenga imodzi yokha yoyera kumchira.

"Achimwene, Dona uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo."

"Munati ndi woyera mbee. Ndauza mudzi wonse."

"Munthu wosaona umamupatsa yabwino," anatero telalayo. "Mukufuna mundibwezere?"

A Muhiwa anakoka mpweya wambiri. A Estele ndi Che Mustapha anayang'anana. Koma iwo anangotapa mapira m'chitini, n'kutambasula dzanja.

"Ayi, musiyeni. Ndi wokongola chomwechi."

Diso lakumanzere akalipala chaka chino. Nkhunda zafika khumi ndi zinayi, ndipo palibe imene yadyedwa, ngakhale a Estele amati nkhaniyo sinathe.