Magazi a kwathu mu firiji ya ku Germiston

Tsiku limene ndinavomera zopita ku Joni ndinali mu labu ya pachipatala cha kwathu, foni ili kukhutu, dzanja linalo litagwira botolo la magazi a munthu. Abwana a kafukufuku anaimba kuchokera ku Blantyre kundifunsa ngati ndingakagwire ntchito zaka zitatu ku labu ya anzathu ku Germiston. Sindinati ndikaganize kaye. Ndinavomera asanafike n'komwe pa nkhani ya malipiro. Ine Mevisi, mwana wa telala wa pakhonde ku Thyolo, ndikanakana ndi pakamwa pati?

Kafukufukuyo anali wa matenda a impso, ndipo anali wa mbali ziwiri: ife a kuno kutenga magazi, anzathu a ku Joni kuwayeza, poti makina ake anali kumeneko. Koma kwathu nkhani ya magazi si yoseweretsa. Mphekesera za anamapopa zinali zisanazizire, moti galimoto yoyera ikaima pamsika amayi ankalowetsa ana m'nyumba. N'chifukwa chake anatuma ine, mwana wa pomwepo. Bambo anga ndi amene anayamba kupinda mkono wa malaya anthu akuona, pakhonde lomwelo amasokera. Achiwiri anali a Naphiri, mnzawo wa malemu mayi anga, amene ankathyola nawo tiyi, ndipo ndi iwo anandilera mayi atatisiya. Anthu ataona awiriwa sanafe, mzere unatalika mpaka kuchigayo.

Fomu imene anthu ankadindapo chala inanena momveka kuti palibe adzalandire zotsatira zake payekha, magaziwo ndi ongothandiza madokotala kuphunzira za matendawa. Ndinawawerengera zimenezo, apa sindikunama. Koma nditawazula singano a Naphiri, anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Nanga ukakapezamo kanthu m'magazi angawa, udzandiuza mwananga?" Ndinayankha kuti, "Ndidzakuuzani, amayi." Mzere wonse unamva, ndipo ine ndinaona kuti wamva koma sindinakonze.

Pondiperekeza kudepoti bambo sanalankhule zambiri. Anangoti, "Ukutsatira magazi a anthu kumeneko. Usakawaiwale eni ake."

Ndinapeza kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya anthu ku Primrose, ka bedi limodzi ndi kastovu ka mbale ziwiri, zenera likuyang'ana khoma la mpanda. M'mawa ndinkakwera takisi ya ku Germiston, kutsika pafupi ndi njanji, n'kuyenda pakati pa nyumba zosungiramo katundu mpaka pa geti la labu. Chisanu cha mu Juni cha kumeneko sindinachionepo, ine wa ku Thyolo amene ndinkati kuzizira ndikukudziwa. Masiku ena ndinkaweruka n'kuzindikira kuti chidzukireni mawu amene ndalankhula ndi ouza dalaivala potsikira basi. Mnzanga wa pabenchi, Thandi, ankandiseka m'Chizulu kuti, "Uthule kakhulu, sisi," kunena kuti ndimakhala chete mopitirira. Anali munthu wabwino, koma Lachisanu likafika ankathamangira kwawo ku Duduza kwa ana ake, ine n'kubwerera kukayang'ana khoma langa lija.

Amalawi analipo ambiri ku Primrose, osanama. Lamlungu tinkapemphera m'galaja ina, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, abambo a m'magadeni ndi aulonda. Atamva kuti ndimavala gawuni yoyera anayamba kundiitana kuti adokotala, kundipatsa mpando wa kutsogolo, ndipo nkhani zawo zoseketsa zinkatha ndikangoyandikira. Kuntchito ndinali mtsikana wa ku Malawi womata timapepala pa mabotolo, kutchalitchi ndinali adokotala. Woti angonditchula kuti Mevisi n'kundilalatira ngati kwathu panalibe. Ndinasungulumwa koopsa, koma ndani ndikanamudandaulira? Walira mvula walira matope.

Anthu a kwathu okha amene ndinali nawo pafupi anali mu firiji. Inali firiji yaikulu kuposa chitseko, yozizira moti ukaigwira m'kati opanda magolovesi khungu limatsalira pomwepo. M'menemo munali timabotolo tonse ta ku Thyolo, kalikonse kali ndi nambala, popanda dzina. Buku lolumikiza nambala ndi mayina linatsekeredwa mu ofesi ya ku Blantyre, ndipo lamulo la kafukufuku silinkalola ife oyeza kuliona. Ndikafika m'mawa ndisanayatse magetsi onse, ndinkagogoda pa chitseko cha firijiyo n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a kwathu?" Musandiseke, munthu ukasowa wocheza naye umapereka moni ndi kwa firiji yomwe.

Chimene kwathu sankadziwa n'chakuti magaziwo ankangokhala. Mankhwala oyezera anali asanagulidwe, ndalama za kafukufuku zinachedwa kwina kumtunda, akuluakulu a mbali ziwirizi ankalemberana makalata osatha. Chaka chinatha botolo ngakhale limodzi lisanatsegulidwe. Ine ndinkayeza magazi a makafukufuku ena n'kumalandira malipiro anga bwinobwino, mwezi ukatha n'kutumiza kangachepe kumudzi.

Bambo ankaimba Lamlungu lililonse masana. Tikapatsana moni, akandiuza za mvula ndi za mayunifolomu amene akusoka, ankatsokomola pang'ono, ine n'kudziwiratu chikubwera. "Anthu akufunsa, Mevisi." Ndinkati adikire. Patapita miyezi anati, "Pakhonde panga anthu ayamba kusowa. Akuti ndinagulitsa magazi a mudzi kuti mwana wanga akadye bwino ku Joni." Anaseka ponena zimenezo, koma kuseka kwa bambo anga ndimakudziwa.

Lamlungu limene ndinalakwa ndinali ndi chimfine, nditafunda mabulangete awiri dzuwa likuswa mtengo, ndisanalankhule ndi munthu chiwerukireni Lachisanu. Bambo atangotsokomola pa foni, ndinawadula. "Ababa, auzeni kuti magazi awo ali bwino. Tayeza. Pakanakhala vuto bwenzi titawaitana." Anafunsa kuti, "Onse?" Ndinati, "Onse." Magaziwo anali gwa mu firiji, osakhudzidwa, ndipo ndinkadziwa. Ndinkangofuna kuti bambo asiye kunyozedwa, komanso, ndinene zoona, kuti munthu mmodzi yekhayo amene ankandiimbira azindifunsa za ine, osati za mabotolo.

Ndipo zinathekadi. Mafunso anatha, makasitomala anabwerera, mafoni a Lamlungu anayamba kukoma. Ndinadziuza kuti ndathetsa nkhani.

Pano ndimagwira ntchito mu labu yaing'ono ya chipatala cha mishoni, ndipo anzanga amandinena kuti ndine wovuta. Munthu akapereka magazi m'mawa, sindipita kunkhomaliro pepala lake lisanafike m'manja mwa dokotala. Wodwala akandifunsa pakhonde kuti, "Zili bwino eti, asisi?" sindimugwedezera mutu ngakhale pang'ono ndisanaone. Amati ndilibe chisoni. Ndimangowasiya anene.

Mankhwala oyezera anafika m'chaka changa chachitatu. Ndinayeza ndekha mabotolo a kwathu, masabata angapo, ndipo zotsatira zina zinatuluka pa kompyuta zili zoipa. Panali anthu amene impso zawo zinali zitayamba kale kufooka tsiku limene ndinawabaya. Ndinkatenga kabotolo koteroko n'kukayang'anitsitsa ngati kandiuza mwini wake. Kodi ndi a chigayo? Ndi aphunzitsi a pasukulu ya kwathu? Nambala inkangondiyang'ana.

Ndinapita kwa mkulu wa labu, mayi wina wodekha wa magalasi, kukapempha kuti anthu amenewa afufuzidwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandikumbutsa zimene fomu inanena, n'kuwonjezera kuti mgwirizano ndi a ku Blantyre unali utatha, ogwira ntchito kumeneko anabalalika, ndipo buku la mayina linawonongedwa monga mwa lamulo, poteteza chinsinsi cha anthu omwewo. Anati ndalama zina zikadzapezeka adzakachititsa msonkhano kumudzi. "Komabe aliyense womva kudwala apita kuchipatala, si choncho?" anatero. Ndinati inde. Za Lamlungu lija sindinamuuze.

Ndikanatha kuimbira bambo madzulo omwewo n'kubweza mawu anga. Foni ndinaigwira kangapo. Manyazi anandikulira, ndipo m'malo mwake ndinawatumizira jekete lachikopa ndi mashini osokera a magetsi, ngati kuti zimenezo zitseka dzenje.

Pepala la kafukufuku linatuluka ndili pafupi kunyamuka, m'magazini ya madokotala ya kunja imene kuti uwerenge uyenera kulipira. Thandi anandisindikizira pa kompyuta ya mkulu uja. Pamwamba panali mayina ambiri a maprofesa a mayiko atatu. Langa linali kumapeto, m'timalemba tating'ono ta mawu othokoza, limodzi ndi "anthu a m'midzi amene anatenga nawo mbali". Ndinalipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. M'basi yonse, kudutsa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, ndinkadzilimbitsa mtima kuti zaka zitatu n'zambiri, anthu anaiwala, aliyense ali ndi mavuto ake.

Sanaiwale. Nditangotsika minibasi pamsika, amayi ogulitsa nthochi anaimirira kundipatsa moni wa manja awiri. A chigayo anathimitsa injini kuti adzandigwire chanza, n'kunena kuti, "Zikomo potiyeza, tinamva uthenga." Bambo anali pakhonde atavala jekete lija kunja kukutentha, akundionetsa kwa aliyense wodutsa. Ndi pamenepo pamene ndinamva kuti uthenga wanga sanangounena pakhonde. Anatseka mashini masiku atatu, anakwera njinga, n'kulowa nyumba iliyonse ya munthu amene anapereka magazi, kukamuuza maso ndi maso kuti Mevisi wayeza, muli bwino.

Ndinafunsa za a Naphiri poona kuti sanabwere kudzandilonjera. Bambo anati, "Miyendo. Anthu ndi oipa, mwana wanga."

A Naphiri ndinawapeza atagona pamphasa m'khonde la kuseri, miyendo itatupa ngati mitondo, nkhope nayo yotupa moti maso ankangooneka pang'ono. Mwana wawo wamkazi anandinong'oneza kuti alangizi a zaumoyo anawauza kalekale, chaka chatha, kuti apite kuchipatala cha boma, koma iwo anakana. Anati magazi awo anayezedwa ndi makina a ku Joni, ndi mwana amene anamulera okha, ndiye ka chipatala ka pano kangaone chiyani? Ngati m'magazi mulibe matenda, ndiye kuti anaponda mankhwala amene wina anawatchera panjira. Sing'anga analoza mlamu wawo, a Esinati, amene ankalimbirana nawo malire a dimba. Mlandu unakula, a Esinati anasamuka n'kubwerera kwawo kutsidya la mtsinje, akulira.

A Naphiri atandizindikira anamwetulira. "Wabwera mwananga? Uwauze awa amene akundikakamiza za chipatala. Uwauze zimene unapeza."

Ndinagwada pafupi ndi mutu wawo. Ndinanena. "Amayi, ndinanama. Tsiku limene ndinawauza ababa kuti muli bwino, magazi anu anali asanayezedwe. Titadzayeza, ena anapezeka ndi vuto la impso, koma mayina kunalibe, sindikudziwa kuti ndi ndani. Miyendo iyi ndi ya kuchipatala."

Anayang'ana denga. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo zikanandipepukira. Koma atatsegula pakamwa sananene za ine, ngakhale za miyendo yawo. Anafunsa kuti, "Ndiye Esinati uja ndinangomunamizira?"

Tinawatengera kuchipatala tsiku lomwelo pa galimoto ya matola. Dokotala atawayeza anandiitanira pambali, poona kuti ndine wa ntchito yomweyi, n'kundifunsa chifukwa chake tinachedwa chonchi. A Naphiri anakhala nafe miyezi inayi yokha, n'kutisiya.

Ku Primrose ndinkagona n'kumaganiza kuti kwathu ndinafufutika, kuti ndine nambala ya foni yotumiza ndalama. Chonsecho kuno mawu anga a pa foni, a munthu wachimfine wofunda mabulangete, ankalemera kuposa alangizi a zaumoyo, kuposa miyendo imene munthu akuiona ndi maso ake ikutupa. Anandikhulupirira chifukwa ndine wawo, osati chifukwa cha fomu kapena makina.

Bambo ndinawauza m'mawa mwake, titabwerako kuchipatala, ali pa mashini. Anasiya kusoka, nsalu ili pakati pa msoko. Sanandiyang'ane. Anavula jekete lachikopa lija, kulipinda bwinobwino, n'kuliika pa benchi. Kenako analowa m'nyumba, anatulutsa njinga, n'kuyeza matayala ndi chala.

"Nyumba zonse ndinalowa ndikuzikumbukira," anatero. "Tiyambira kutsidya kwa a Esinati. Ine ndizingogogoda, wolankhula ukhala iwe."